Alamu Anga aSakala ndi Mawu a Panjira

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha alamu anga aSakala kumanda a ku Kasisi. Ansembe anawaza madzi odalitsa, akwaya anaimba, anzawo a ku yunivesite anabwera atavala majekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Mmodzi wa iwo anatiwerengera zimene zalembedwa pamwalapo, zoti munthuyu anaphunzitsa aphunzitsi moyo wake wonse. Si bodza ayi. Koma mwala ndi waung'ono, ndipo amene amaulemba amasankha zosalala zokhazokha. Ine kulemba sindidziwa. Pakamwa pano ndi panga, dzanja ndi la wina, ndiye ndinena monga ndinaonera.

ASakala anakwatira mkulu wanga Anasitaziya tikadali ku Katete. Kuno ku Chongwe anatsogola ndi iwo chifukwa cha ntchito, ife tinachita kutsatira pambuyo kudzafuna malo olima. Mkulu wanga atamwalira, aSakala sanafune kukwatiranso. Anakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa munda wanga, ndipo mukudziwa kuti pakati pa munthu ndi mlamu wake palibe chitseko. Ine ndinkawaitana kuti amuna anga, iwo ankati ndine mkazi amene anapatsidwa ngati chilango. Tinkanyozana tsiku ndi tsiku, mlendo n'kumayesa kuti pabuka ndewu.

ASakala anali munthu wamfupi, wa mutu waukulu, woyenda ngati akuthawa mvula. M'thumba la jekete lawo simunkasowa choko. Ndikawachapira, madzi ankayera ngati mkaka, ine n'kumawauza kuti tsiku lina ndidzaphikira tiyi madzi amenewo. Shuga m'kapu ankathira ngati wa mwini, ngakhale adokotala anawaletsa. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo ansembe akalalikira motalika, pobwerera ankandiuza kuti bamboyo ataya anthu pakati panjira, akanafunsako funso kuti tidzuke. Kwa iwo aliyense woima kutsogolo kwa anthu anali wophunzira wawo, kaya wavala mkanjo.

Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu amene akufuna kukhala aphunzitsi. Anayambira ku koleji, anathera ku yunivesite, ndipo ngakhale zaka zopumira zitakwana anawapempha kuti apitirize. Ophunzira awo ikafika nyengo yopita m'masukulu kukayesera kuphunzitsa ana enieni, aSakala ankawatsatira komweko, wina ku Nkomeshya, wina kutsidya kwa mtsinje, pa njinga kapena pa minibasi. Akafika sankalola kudya kanthu asanaone kalasi. Ankati munthu amene wadya nkhuku ya mwini, lilime lake limaterera. Ankalowa n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pa benchi ya ana, maondo kufika m'chibwano, chipewa pamwendo, phee. Mphunzitsi alakwitse chotani, iwo osatsokomola n'komwe.

Kalasi ikatha ankatsanzika kwa ahedi, kenaka n'kuuza wophunzira wawo uja kuti tsopano mwini mlendo andiperekeze. Apo ndiye panali sukulu yeniyeni. Kwathu mlendo satuluka yekha, umamutula pamsewu. ASakala anatenga mwambo umenewu n'kuusandutsa chida cha ntchito. Akangopitirira bwalo la mpira, ana ndi aphunzitsi ena atatsala kumbuyo, ankayamba kumuuza munthu zolakwa zake zonse, osasiyako, osapaka mafuta. Ankati mawu owawa amafuna miyendo. Anthu awiri akamayenda amayang'ana kumodzi, maso sakumana, ndiye manyazi amapeza pobisala. Ankatinso ubwino wa njira ndi woti imatha. Ukafika pamsewu, chidzudzulo chathera pomwepo, ndipo asanakwere galimoto ankamusiyira munthu chinthu chimodzi chabwino chimene anaona, kuti abwerere nacho.

Pamaliro awo anabwera amuna a imvi, ena ndi ahedi tsopano, aliyense ndi nkhani ya njira yake. Wina anati aSakala anamuuza kuti amalankhula ndi bolodi ngati ndi bwenzi lake, ana n'kumangoona nkhongo. Wina anati analira kuchokera pasukulu mpaka pamlatho, koma palibe amene anadziwa kufikira tsiku lomwelo pamene anaulula yekha. Anthu anaseka pamaliro. ASakala anamwalira nyengo yozizira chaka chatha, shuga uja atawagwira miyendo. Sanadwale nthawi yaitali.

Tsono zinthu zinasintha chaka cha mliri uja, pamene tonse tinamanga nsalu kukamwa. Masukulu atatsekedwa, akuluakulu a ku yunivesite anati maphunziro azipita pa foni ndi pa laputopu. Mliri utatha sanabwererenso mmbuyo. Anati mphunzitsi wa masiku ano ayenera kudziwa zida zimenezi, ndipo amene amaphunzitsa aphunzitsi ayambe ndiwo. Ophunzira akutali anauzidwa kuti azidzijambula vidiyo akuphunzitsa, n'kutumiza, malekichala aziona ali pamalo amodzi.

Amene anapatsidwa ntchito yophunzitsa nkhalamba anali Ba Mulenga, lekichala wachinyamata, Mbemba. Mukudziwa ife a kum'mawa ndi Abemba, chimbuya chathu chimatilola kunyozana mpaka kumanda. Tsiku loyamba anabwera ndi laputopu pakhonde panga, chifukwa kwa aSakala netiweki sinkafika. Anatulutsa kanthu kokhala ndi mchira wautali n'kukaika patebulo.

"Ba mudala, gwilani aka. Dzina lake ni mbewa. Koma napapata, osakaika pamoto. Nikudziwani imwe ba kum'mawa."

"Iwe mwana wa odya anyani," anatero aSakala, "ukandiphunzitse ine? Pamene ndinkayamba kugwira choko, iwe unali usanadziwe kumina."

"Manje nidziwa kumina, na kompyuta nidziwa. Imwe mudziwa chimodzi chabe. Tiyeni, dinani apa."

Anakangana miyezi. ASakala ankati mphunzitsi sungamuone pa kagalasi, monga sungagule ng'ombe poona chithunzi. Ankati vidiyo ilibe fungo la kalasi, siikuuza kuti ana abwera osadya, siikuonetsa mwana amene wagona pakona. Ba Mulenga ankayankha kuti ophunzira achuluka, miyendo ya malekichala ndi yochepa, ndipo pali ena amene njinga ya aSakala sinawafikepo. Ine ndinkangomvetsera ndikusenda mtedza. Nthawi zina tambala wanga ankalira pakati pa phunziro, ophunzira onse m'foni n'kuseka, aSakala n'kundikalipira kuti ndimachita dala. Ndinkawauza kuti tambalayo anayamba kuphunzitsa pabwalo pano iwo asanabwere.

Amene anawatembenuza mtima anali Roza. Rozariya, mkazi wa aDaka a ku Kanakantapa, mayi wa ana, wophunzitsa pa kasukulu kamene makolo anamanga okha ndi njerwa zawo. Anaphunzitsa zaka zambiri wopanda pepala la uphunzitsi. Kusiya ana ndi dimba kukakhala ku yunivesite sakanatha. Koma maphunziro atabwera pa foni analembetsa, ndipo anali woyamba kufunsa, wotsiriza kutsanzika. Nthawi zina ankawaimbira aSakala payekha, kufunsa za phunziro, kenaka n'kuwauzako za kunyumba, monga mwana amauzira atate ake. Kuyambira pamenepo aSakala anasiya kunyoza. Anayamba kunena kuti kafoni aka kafika kumene iwo sanafike, ndipo anakakonda mopitirira, monga amachitira munthu amene walowa mpingo atakula. Sola yanga inasanduka yawo. Ndikafuna kutchaja kawailesi kanga, ndinkachita kupempha m'nyumba mwanga momwe.

Chimene chinawavuta ndi kulemba. Zala zawo zinali zazikulu, timabatani tating'ono. Ndiye Ba Mulenga anawaonetsa kuti akhoza kudina n'kumangolankhula, mawu n'kupita momwemo. Anakondwa kwabasi. Anati tsopano pakamwa pawo pabwerera.

Tsiku limenelo ndikulikumbukira, kunali kutangotha kukolola. Roza anatumiza vidiyo yake, foni ataiimika pazenera la kalasi. ASakala anaionera pakhonde panga, anaibwereza, anaibwerezanso. Kenaka anaimirira, anavala chipewa, n'kuyamba kuzungulira pabwalo foni ili pakamwa. Ine ndinadziwa kuti m'mutu mwawo ali panjira, akuperekezedwa. Mawu anatsika, monga ankachitira.

"Roza, mwana wanga, tiyeni tiyende pang'ono. Mwaphunzitsa ana a kutsogolo okha, a kumbuyo mwawasiya ngati alendo. Samu ija ya kugawa mwaiphonya pabolodi, ndipo ana akopera cholakwa, mawa mukayambire pomwepo. Ndodo ija mukumenya nayo tebulo, si ukali umenewo, ndi mantha. Ndikudziwa kumene akuchokera. Munandiuza kuti bambo a kunyumba amakubisirani foni, amati mkazi wamkulu wofuna sukulu akufuna amuna, ndiponso kuti tsiku lina munagona kwa aneba. Pepani. Koma mantha a kunyumba muziwasiya pakhomo la kalasi, ana amawanunkhiza."

Anapitiriza, ndipo kumapeto anamusiyira chabwino chake, monga mwa nthawi zonse. Atatha anadina, anakhala pansi, anapempha tiyi. Anali wokhutira ngati munthu amene wapalira mzere wowongoka.

Chimene sanadziwe n'chakuti Roza anaika vidiyo yake pagulu la pa foni la kalasi yonse, pamene ophunzira onse ankaika zawo. ASakala ankaganiza kuti popeza vidiyo ili ndi dzina la Roza, ukayankha pansi pake, wayankha Roza yekha. Monga pasukulu: kalasi ndi ya onse, koma njira ndi ya awiri. Panalibe amene anawauza kuti m'foni mulibe bwalo la mpira loti upitirire.

Dzuwa litapendeka, foni inalira. Anali Ba Mulenga, ndipo tsiku limenelo munalibe chimbuya m'mawu ake. Ndinamva ndili poteropo.

"Ba Sakala, mwachita chani? Vija mwakamba kuli Roza, aliyense amvela. Kilasi yonse."

"Iyayi, ndatumiza kwa iye."

"Mwatumiza pagulu, ba tate. Nafuta manje manje, koma benangu batumiza kale kwinangu."

ASakala anayang'ana foni ija ngati njoka imene yawaluma ili m'thumba mwawo. Anandifunsa ine, ine amene sindidziwa ngakhale chilembo chimodzi, ngati mawu angabwezedwe. Ndinati alamu, madzi akatayika saoleka. Sanandinyoze. Apo ndinadziwa kuti zavuta.

Mawu aja anayenda kuposa minibasi. Wophunzira wina anatumizira mnzake, mnzakeyo anali ndi mlongo wake ku Kanakantapa, ndipo sabata isanathe amuna a pagolosale anali kuwamvetsera akumwa. Ana a sukulu anayamba kuyerekeza mawu a aSakala Roza akamadutsa: "Si ukali umenewo, ndi mantha." Makolo ena anafunsa ngati ana awo akuphunzitsidwa masamu olakwa. Koma chachikulu chinali cha aDaka. Mwamuna anamva nkhani za m'chipinda mwake zikutuluka m'foni ya munthu wina. Roza anachoka pagulu lija, foni yake inazima, kusukulu anasiya kupita. Chonsecho maphunziro anali atatsala pang'ono kutha.

ASakala anaonda ndikuona. Tiyi ankazizira m'kapu. Tsiku lina m'mawa anafika pakhomo panga atavala jekete la kutchalitchi, m'khwapa muli nkhuku yoyera yomanga miyendo.

"Mlamu, vala. Mwamuna sapita yekha kukapepesa pakhomo pa mkazi wa mwini."

"Lero mwadziwa kuti ndine munthu?"

"Lero ndiwe loya wanga. Fulumira."

Tinakwera minibasi. Kondakitala anawazindikira, anati, "Ba lekichala, nkhuku nayo ipita ku yunivesiti?" Anthu anaseka. Msewu wa fumbi uja unatigwedeza mpaka mano. Njira yonse ankangonena chinthu chimodzi. Ankati aDaka akalandira nkhuku, bwino, akakana, bwinonso, koma chimene akufuna ndi choti potuluka Roza atiperekeze. Akangoyenda naye mpaka pamsewu, amuuza zoti abwerere, amalize, pepala atenge. Ankakhulupirira njira ngati mankhwala.

ADaka tinawapeza akumanga mitengo ya tomato kudimba. Munthu wamtali, wofatsa pankhope, osati chilombo chimene ndinkayembekeza. Anatipatsa mipando pansi pa mango. Roza anatuluka, anagwada patali, anatipatsa moni maso ali pansi, n'kukhala pamphasa pafupi ndi khomo. Ine ndinayamba monga mwa mwambo. Ndinati tabwera ndi manja awiri, mkulu uyu walakwa, pakamwa pake panapita kumene sanapatume. Ndinaika nkhuku pansi. Kenaka aSakala anavula chipewa, ndipo munthu amene anaphunzitsa ahedi ambirimbiri anatsika pampando n'kugwada m'fumbi.

ADaka anawadzutsa msanga. "Awe, ba tate, nyamukani. Ndimwe bakulu." Kenaka anati, "Nkhuku nalandila. Mulandu pakati pa ine na imwe wasila. Koma munanivula pamenso pa bantu bamene sinibadziwa na kubadziwa. Nikapita kugulitsa tomato, bakazi pamaliketi banifunsa kuti foni mwaibisa kuti lelo. Mwana wanga anamenyana kusukulu chifukwa cha ine."

"Cholakwa ndi changa," anatero aSakala. "Musalange mayiwa chifukwa cha chala changa. Atsala pang'ono. Ndi mphunzitsi weniweni."

"Vamene mkazi wanga anakuuzani, anakuuzani na chala chanu?" anafunsa aDaka.

Roza anali kutola timiyala pamphasa, kumatiika mbali imodzi.

"Sukulu yamene itenga nkhani za m'nyumba mwanga, muno siilowa futi," anatero aDaka, osakweza mawu. Kenaka anatembenukira kwa Roza. "Amake Tiza, bapatseni madzi balendo."

Tinamwa madzi. Tinatsanzika. ASakala anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana kwa Roza, ndipo Roza anayamba kukonza chitenje kuti anyamuke. Pamenepo aDaka anatenga chipewa chawo pamsomali.

"Nkhalani, amake Tiza. Balendo nizabapelekeza nekha."

Anatiperekezadi, mwaulemu wonse, mpaka pamsewu. Njira yonse anatiuza za matenda a tomato, za mankhwala opopera amene sagwiranso ntchito, za mvula imene inathawa msanga. ASakala ankangoti inde, inde. Kamodzi anacheuka. Roza anali ataima pakona pa nyumba, mwana kumbuyo, kenaka analowa. Minibasi itabwera aDaka anatigwira chanza ndi manja awiri, anati tiyende bwino.

Pobwerera tinafika pamphambano ya kwathu. Pamenepo aSakala anati, "Mlamu, zaka zonsezi ndinkayesa kuti nzeru zili mwa ine. Kani zina zinali m'njira."

Ena akanataya foni m'chimbudzi. Iwo ayi. Ankati kanthu kamene kanamufikitsa Roza pakhomo la yunivesite si kamene kanamuchotsa, anamuchotsa ndi iwo. Koma ku misonkhano ya malekichala anasanduka minga. Ba Mulenga anandiuza kuti ankaimirira nthawi iliyonse n'kufunsa funso lomwelomwelo: mwatiphunzitsa kudina, koma ndani akutiphunzitsa kudziwa amene akumva? Ankati wophunzira uphunzitsi asanaphunzire kutumiza kanthu, aphunzire kaye kufunsa kuti kakafika m'makutu angati, chifukwa mawa iyenso adzakhala ndi zinsinsi za ana a eni m'foni mwake. Ena ankatopa nawo. Wina anawauza kuti mudala, cholakwa chanu musachisandutse silabasi. Iwo anati ndi chomwecho chimene akufuna, chilowe m'silabasi, ndipo ophunzira atsopano akabwera ankawafotokozera okha zimene anachita, osatchula dzina la Roza. Ba Mulenga naye zinamukhudza. Anakonza zoti vidiyo ya wophunzira izipita kwa lekichala wake yekha. Anabwera kudzawaonetsa, akudandaula kuti akanachita kale, anati, "Nanga sembe ninachita kudala." Tsiku limenelo awiriwo anamwa tiyi osanyozana, ndipo sizinakome kuona.

Mawu ojambula sanatumizenso. Anapeza njira yawo. Akaonera vidiyo ya wophunzira, ankamuimbira foni, n'kuyamba ndi kufunsa kuti muli ndi ndani pamenepo. Akamva kuti pali anthu, ankati tulukani, valani nsapato, muziyenda, mukafika poti palibe wina mundiuze. Iwonso ankanyamuka. M'mbali mwa munda wanga, kuchokera pa mtengo wa msuku mpaka pachulu, ndi pamene netiweki inkagwira osaduka. Ankayenda pamenepo, kupita ndi kubwerera, dzanja lina kumbuyo, akulankhula ndi munthu amene akuyendanso kwinakwake ku Nkomeshya kapena kutali kumene sindikudziwa. Ndinkawakalipira kuti akundipondera mtedza. Ankati ndidzawalipiritse kumwamba.

Za Roza sanaleke. Anatuma akatekisiti a kumeneko. Anatuma amayi a bungwe la kutchalitchi. Anakapempha kuti malo ake asungidwe, ndipo anasungidwa kwa nthawi. Yankho limene linabwera kuchokera kwa Roza linali lakuti auzeni sindinawakwiyire. Basi, lomwelo. Ali m'chipatala, miyendo itatupa, anandifunsa ngati ndamvako kanthu ku Kanakantapa. Ndinawauza zoona, kuti kasukulu kaja anapeza mtsikana wina. Anatseka maso. Kenaka anati mtsikanayo adzafunika womuona, ndipo anayamba kufunsa ngati msewu uja anaukonza.

Roza pamaliro sanabwere. Ndinakumana naye miyezi ingapo yapitayi pamsika wa ku Chongwe, atakhala kuseri kwa mulu wa repu ndi tomato. Anandizindikira, anandipatsa kampando. Tinakamba za mvula. Kenaka iye mwini anayamba.

"Amama, vonse vamene ba Sakala banakamba vinali voona. Samu ija ninaiphonya. Ndodo nayo, yanali mantha." Anawaza madzi pamasamba. "Sembe banakamba kuli ine nekha, sembe lelo nili na pepala."

Ndinamufunsa ngati sangabwerere, popeza zinthu anazikonza. Anapukusa mutu. Anati pakhomo pakhala bata tsopano, ndipo bata limenelo analigula modula, sangaliikenso pamsika. Kenaka anaseka pang'ono.

"Mudziwa, bantu banamvela pakati chabe, pa foni na pa baneba. Kulibe anafika kotsilizila. Kumeneko ba Sakala banati nikayamba kuimba nyimbo ya kupenda manambala, na mwana wamene sakamba amatsegula pakamwa. Banati icho sibanganiphunzitse, ninabadwa nacho." Anandiikira tomato m'thumba, anakana kuti ndilipire. Kasitomala anabwera, nkhani inathera pomwepo.

Tsono dzulo ndinapita kumunda kukaona pamene ng'ombe zidzayambire mvula ikagwa. Kanjira ka aSakala kakadalipo. Dothi lake ndi lolimba ngati pabwalo, moti khasu limadumpha. Pansi pa msuku pali kadzenje pamene ankatembenukira ndi chidendene, ndipo pachulu pali mwala umene ankapumirapo miyendo itayamba kuwawa. Chisoso chayamba kulowa kuchokera m'mbali, uku ndi uku, pakati patsala kamzere kokwana phazi limodzi. Mbuzi sizidutsapo, ana sadutsapo, chifukwa kanjirako sikapita kulikonse. Kamayambira pamtengo, kamathera pachulu. Ndili chiimire pamenepo foni yanga inalira m'chitenje, netiweki ikadali yabwino ndithu. Anali mwini ng'ombe, anandifunsa ngati alime mpaka m'malire. Ndinati alime. Udzu ukanakadya ndi kale, ndipo kuona kanjira kakufa pang'onopang'ono sindingathe.